Ndani ayenera kuika kachubu kotsukira magazi?

Impso zikaleka kugwira ntchito, makina otsuka magazi, otchedwa dialysis, amafuna njira yokokera magazi ambiri nthawi imodzi n'kuwabwezanso m'thupi. Timitsempha ta pamkono tomwe timaikapo diripi sitingakwanitse. Ndiye timalowetsa kachubu ka njira ziwiri mu mtsempha waukulu, kawirikawiri wa m'khosi mbali ya kumanja poti umatsika molunjika ku mtima, nthawi zina wa m'mphechepeche mwa ntchafu.

Odwala a kuno ku Zomba akamatumizidwa ku Queens ku Blantyre, abale amandikokera pambali n'kufunsa kuti, “Adokotala, kodi akaika ndi dokotala wa opaleshoni weniweni?” Nkhawa yawo ndi yomveka. Pafupi ndi mtsempha wa m'khosiwo pali mtsempha wina wopita ndi magazi ku ubongo, ndipo chakumunsi pang'ono pali nsonga ya phapo. Singano ikaphonya, khosi limatupa ndi magazi kapena mpweya umalowa m'chifuwa, munthu n'kuyamba kubanika. Komanso magazi a wodwala impso amachedwa kuundana.

Ntchitoyi amaigwira anthu a maphunziro osiyanasiyana: madokotala a impso, a opaleshoni, ojambula m'thupi, ndipo kwathu kuno ma clinical officer, makamaka ogoneka anthu ku fiyeta. Njira yake ndi imodzi, yomwe anayambitsa Sven Ivar Seldinger wa ku Sweden mu 1953: singano ilowe kaye, kawaya kadutse m'singanomo, kachubu katsatire kawayako. Seldingeryo sanali wa opaleshoni, anali wojambula m'thupi.

Kuona kwanga, udindo wolembedwa pa baji si umene umachepetsa ngozi. Chimene chimathandiza ndi dzanja lozolowera, loika machubuwa sabata ndi sabata, komanso sikani. Woika akayang'ana pa sikani amaona mtsempha womwe akufuna ukuphwatalala akaudina pang'ono, winawo ukugunda pambali pake, ndipo singano amailondolera akuiona. Wopanda sikani amangodalira kupapasa. Ine nditadwala ndingasankhe clinical officer wozolowera ali ndi sikani m'manja, kusiyana ndi dokotala wamkulu amene anaika kachubu kotere chaka chatha.

Muzisamalanso mukamva kuti odwala a madokotala akutiakuti ndiwo amavutika kwambiri. Madokotala a opaleshoni ndi amene amalandira anthu omwe mitsempha yawo inatsekeka kale, kapena amene ena ayesa n'kulephera, choncho mavuto sangalephere kuchulukirapo kwa iwo. Ndipo pali pomwe luso lawo limafunikadi. Kachubu ka pamimba ka peritoneal dialysis (kutsuka magazi pothira madzi a mankhwala m'mimba), kwa munthu amene anang'ambidwapo pamimba ndipo matumbo anamatirira, n'kofunika amene angaone m'kati. Chimodzimodzinso kulumikiza mitsempha iwiri ya pamkono kuti ikhale njira yokhalitsa yotsukira magazi. Njira imeneyi, yomwe inayamba mu 1966, sigwidwa matenda kawirikawiri ngati kachubu, koma imafuna masabata 6 kapena kuposa kuti ikhwime. N'chifukwa chake sitikonda kuika kachubu mu mtsempha wa pansi pa fupa la m'phewa, poti umatha kuning'a n'kuwononga mwayi wodzalumikiza mitsempha pa mkono umenewo.

Vuto lomwe limatipweteketsa mitu kwambiri limadza woika uja atavula kale magolovesi. Kachubu ndi khomo lotseguka lopita m'magazi, ndipo tizilombo ta pakhungu, makamaka Staphylococcus aureus, timalowera pomwepo. Kachubu kongoyembekezera sikayenera kukhalitsa kupitirira masabata awiri. Kofunika kukhala miyezi amakadutsitsa kaye pansi pa khungu.

Apa ndi pomwe gadiyani ali ndi ntchito kuposa katswiri aliyense. Bandeji isanyowe posamba, ndipo isamatulidwe kunyumba. Zotsekera za kachubu amatsegula ndi namwino wa dialysis yekha. Wodwala akayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera, makamaka ali pa makina kapena atangochokapo, musathamangire kukagula LA n'kumati ndi malungo. Bwerani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba kwa namwino akhale akuti ali ndi kachubu ka dialysis m'khosi.