Yunivesite ya ku America Ikati “Tidzaonanso mu Malichi”

Pakati pa mwezi wa Disembala, ophunzira amene anafunsira malo mofulumira m'mayunivesite a ku America amalandira limodzi mwa mayankho atatu. Ena amatengedwa, ena amakanidwa, ndipo ena amauzidwa kuti fomu yawo yasungidwa kaye kuti idzaunikidwenso pamodzi ndi za anthu onse amene adzafunsire mu Januwale. M'kalata mumalembedwa kuti “deferred”. Pa ntchito yanga yothandiza ophunzira kudzaza mafomu amenewa, yankho limeneli ndi limene limasowetsa mtendere kwambiri pakhomo, chifukwa mwana sadziwa kuti alire kapena asangalale, ndipo makolo amangomva kuti “zikuoneka kuti zitheka” n'kuyamba kuuza achibale.

Tiyambe ndi mmene zinthu zimayendera kumeneko. Mayunivesite ambiri amalandira mafomu m'magawo awiri. Gawo loyamba limatsekedwa pa 1 kapena pa 15 Novembala, mayankho n'kutuluka Khirisimasi isanakwane. Gawo lachiwiri limatsekedwa m'masiku oyambirira a Januwale, kwina mpaka pa 15, mayankho ake n'kubwera kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, ndipo wotengedwa amayenera kuvomera malo pofika pa 1 Meyi. M'gawo loyambalo muli njira ziwiri zikuluzikulu. Early Action siimanga munthu: akakutengani mukhoza kukana. Early Decision ndi pangano limene wophunzira, kholo ndi mphunzitsi amasainira kuti akatengedwa apita basi. Chofunika kudziwa n'chakuti amene anafunsira mwa Early Decision n'kuuzidwa kuti adikire, panganolo latha pomwepo. Ngakhale atadzatengedwa mu Malichi, ali ndi ufulu wosankha kwina.

Kodi yankholi likutanthauza kuti munatsala pang'ono? Zimatengera sukulu. MIT ndi Harvard akhala akuuza anthu oposa theka la ofunsira mofulumira kuti adikire, choncho kumeneko muli m'chikhamu cha anthu masauzande. Stanford amadziwika kuti ambiri amawakaniratu mu Disembala momwemo, n'kusunga ochepa, ndiye amene wasungidwa kumeneko angathe kunena kuti fomu yake inawapatsa chidwi. Koma ndinene mosabisa: m'masukulu olimbirana kwambiri ngati amenewa, ambiri mwa osungidwa sadzatengedwa. Ena amatengedwa ndithu chaka chilichonse, ndipo pali zimene mungachite kuti mukhale mmodzi wa iwo, koma musakonze moyo wanu wonse ngati kuti malowo muli nawo kale.

Amene amawerenga mafomu sasunga munthu chifukwa cha ulesi. Kawirikawiri amafuna kuona zotsatira zina za m'kalasi, kapena amafuna kukuyerekezani ndi ena ochokera m'dera lanu amene mafomu awo sanafike. Kwa wophunzira wa ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe palinso nkhani ya ndalama, imene ndiikhudza bwino kutsogoloku. Ndiye funso loyenera kudzifunsa si lakuti “ndiwanyengerere bwanji”, koma lakuti “kodi chilipo chatsopano chimene sanachione mu Novembala?”

Musanalembe kalikonse, werengani kalata yawo kawiri, ndipo mutsegulenso tsamba lanu la pa intaneti limene sukuluyo inakupatsani. Masukulu ambiri amanena okha zimene akufuna. MIT, mwachitsanzo, ali ndi fomu yawoyawo yotchedwa February Updates and Notes, yolembamo magiredi atsopano ndi zina zimene zachitika. Ena amalola kalata imodzi yoikidwa patsamba lomwelo. Ena amanena poyera kuti musatumize china chilichonse kupatula zotsatira za kusukulu. Akatero, mverani. Munthu amene akuwerenga mafomu mazanamazana m'nyengo yozizira ya Januwale sasangalala ndi wophunzira amene walephera kutsatira malangizo a mizere itatu.

Chimene chimalemera kuposa zonse ndi zotsatira zatsopano, ndipo apa kalendala ya kwathu kuno imatikomera. Ku America mwana amakhala ali pakati pa chaka chake chomaliza, ndipo sukulu yake imatumiza lipoti la pakati pa chaka, limene pa Common App, tsamba la pa intaneti lofunsira malo m'mayunivesite ambiri a kumeneko, limatchedwa Mid-Year Report. Ife ambiri timakhala titalemba kale mayeso omaliza. Amene analemba A Level ya Cambridge mu Okutobala ndi Novembala amalandira zotsatira mu Januwale. Za Giredi 12 ku Zambia, za ZIMSEC ku Zimbabwe ndi za matric ku South Africa zimatulukanso kumayambiriro kwa chaka komweko. Mu Novembala yunivesite inangoona magiredi oyerekezera amene aphunzitsi anu analemba; tsopano ikhoza kuona enieni ochokera ku bungwe la mayeso. Ngati zatuluka bwino, palibe kalata yokoma imene ingapose pepala limenelo.

Vuto limakhala pa katumizidwe. Zotsatira ziyenera kuchokera kusukulu, osati pa foni yanu. Masukulu athu ambiri alibe mlangizi wosamalira nkhani zimenezi, ndiye udindowo umagwera ahedi kapena mphunzitsi amene anavomera kudzaza gawo la sukulu pa Common App. Munthu ameneyo ali ndi makalasi ake, mwinanso ali kumudzi ku tchuthi kumene netiweki imavuta. Pitani mukamuone maso ndi maso sukulu ikangotsegulidwa. Tengani pepala la zotsatira, chidindo cha sukulu chidindidwe, mulijambule bwino pa makina osati ndi kamera yogwedera, ndipo ngati n'kotheka mukhale naye pompo pamene akulikweza pa intaneti. Mukatero dikirani masiku angapo n'kuonanso patsamba lanu ngati alemba kuti alandira.

Kwa amene anakhoza MSCE zinthu zimasiyana pang'ono. Mayesowo amalembedwa pakati pa chaka ndipo zotsatira zake zinali kale m'fomu ya Novembala, choncho chatsopano chanu ndi zimene mwakhala mukuchita chimalizireni Fomu 4: ntchito, kuphunzitsa ena, maphunziro a pa intaneti amene mwamaliza, bizinesi imene mukuthandiza. Koma samalani ndi ichi. Ngati mwasankhidwa kupita ku UNIMA, MUBAS, MUST, LUANAR, KUHeS kapena Mzuni ndipo mwayamba kale makalasi, masukulu ambiri a ku America amayamba kukuonani ngati wosamukira kuchokera ku yunivesite ina, osati wolowa chaka choyamba, ndipo malo ndi ndalama za gulu limenelo zimakhala zochepa kwambiri. Malamulo ake amasiyana sukulu ndi sukulu. Alembereni muwafunse, ndipo musabise, chifukwa bodza la pa fomu likaululika amatha kukuchotsani ngakhale mutafika kale.

Tsopano kalata. Kumene amalola, wophunzira amalemba kalata imodzi yosonyeza kuti akufunabe malowo, ndipo nthawi yabwino yoitumizira ndi mkati mwa Januwale. Isapitirire tsamba limodzi. Apa m'pamene kaleredwe kathu kamatipunthwitsa. Tinaphunzitsidwa kuti polembera akuluakulu timadzichepetsa, timathokoza kambirimbiri, timadandaula za umphawi, n'kumaliza ndi kuchonderera kuti atimvere chisoni. Ulemu umenewu ndi wabwino pakhomo ndi kumpingo, koma wowerenga wa kumeneko akafika kumapeto kwa kalata yotere amakhala asanaphunzire kalikonse katsopano za inu. Ndimawerenga makalata odzaza ndi mawu akuti “sukulu yanu ndi maloto anga kuyambira ndili mwana”, ndipo mtima umandipweteka, chifukwa mwanayo amakhala ali nazo zenizeni zoti anene koma akuziona ngati zazing'ono.

Tiyerekeze mtsikana amene wakhala akuthandiza pa chipatala chaching'ono cha kwawo kulemba mayina a amayi obwera ku sikelo. Iye angalembe kuti kuyambira mu Novembala wasamutsa kaundula wa ana a sikelo kuchoka m'mabuku kupita pa kompyuta, kuti anaona kuti ana ambiri ophonya katemera amachokera m'midzi ya kutsidya kwa mtsinje nthawi ya dzinja, ndi kuti anauza anamwino ndipo asintha tsiku lopita kumeneko. Ziganizo zitatu zimenezo zikuonetsa munthu woona vuto n'kulitsata. Kenako atchule chinthu chimodzi kapena ziwiri za pa sukuluyo zogwirizana ndi zimenezi, phunziro linalake kapena kafukufuku wa mphunzitsi wina amene wamuwerengadi, osati kungokopera mawu a patsamba lawo. Athokoze kamodzi, asaine, atumize.

Ngati sukuluyo ndiyo yoyamba pamtima panu ndipo mudzapita akakutengani malinga ngati thandizo la ndalama lakwanira, nenani choncho momveka, chifukwa amafuna kutenga anthu amene adzabweradi. Koma mawu amenewa auzeni sukulu imodzi yokha. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo dzina la sukulu yanu ya sekondale ndi limene limaipa kwa ana obwera m'mbuyo mwanu.

Makalata a anthu otchuka musavutike nawo. Phungu wa kunyumba ya malamulo, bishopu kapena bwana wa kampani amene sanakuphunzitseni kapena kukuyang'anirani pa ntchito sangawonjezere kanthu. Ngati sukulu ikulola kalata ina ya umboni, ikhale imodzi, yochokera kwa munthu amene wakuonani mukugwira ntchito miyezi yapitayi. Makolo, chonde, musayimbe foni kapena kulemba m'malo mwa mwana. Kumeneko amaona ngati mwanayo sangathe kudziyankhulira.

Za mayeso a SAT, amene masukulu ambiri a ku America amaona posankha ophunzira, n'zachidule. Ngati munalembanso kumayambiriro kwa Disembala ndipo mwakhoza kuposa kale, tumizani. Otsatira amakhala mu Malichi, nthawi itatha kale. Mayeso a Chingerezi ndi osavuta kubwereza, makamaka Duolingo English Test amene zotsatira zake zimatuluka m'masiku awiri, ngati sukuluyo imawavomereza ndipo magiredi anu oyamba anali m'malire.

Tibwere ku ndalama, pamene ophunzira athu ambiri amagwera osadziwa. Masukulu ochepa, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin, amasankha ophunzira akunja osayang'ana ngati angathe kulipira. Ena ambiri amayang'ana. Ali ndi thumba lochepa la ophunzira akunja, ndipo nthawi zina amasunga fomu yabwino mpaka Malichi kuti aone kaye onse amene akupempha thumba lomwelo. Pamenepa simungasinthe zambiri, koma mungathe kuonetsetsa kuti mapepala anu a ndalama ndi athunthu. Onaninso CSS Profile, fomu yopemphera thandizo la ndalama, kapena fomu ina imene sukuluyo imagwiritsa ntchito. Ngati makolo amalima fodya kapena amagulitsa kaunjika ndipo alibe pepala la malipiro a pamwezi, lembani kufotokoza bwino mmene amapezera ndalama pa chaka ndi anthu amene amawasamalira. Ngati zinthu zasintha chiperekereni fomu, kholo lachotsedwa ntchito kapena kwacha yagwa mtengo moti ndalama zimene munalemba sizikukwananso m'madola, auzeni a ofesi ya zachuma.

Pali ena amene amalangiza kuti muchotse pempho la thandizo kuti mwayi ukule. Ngati banja lanu silingathe kulipira zaka zinayi zonse, musayerekeze. Sukulu siingakupatseni fomu ya I-20, imene mumakapemphera viza, popanda umboni wa ndalama, ndipo masukulu ambiri salola wophunzira wakunja kudzapempha thandizo pambuyo pake ngati sanapemphe polowa.

Zonsezi ndi ntchito ya Januwale. Masabata awiri otsiriza a Disembala si a sukulu imene yakusungani, ndi a mafomu ena amene akutsekedwa chaka chikangoyamba. Ophunzira ambiri amataya masiku amenewa akukonza kalata ya sukulu imodzi, n'kudzadzaza mafomu enawo usiku umodzi magetsi atazima. Perekani nkhani yanu yodzifotokozera kwa munthu amene sanaiwerengepo, afotokoze mwa mawu ake kuti wamva kuti ndinu munthu wotani; akalephera, nkhaniyo ikufunika kukonzedwa. Wonjezerani masukulu ang'onoang'ono amene kuno sitiwatchula kawirikawiri koma amathandiza bwino ophunzira akunja, monga Grinnell, Macalester ndi Colby. Masukulu ena ali ndi Early Decision yachiwiri yotsekedwa mu Januwale, yankho n'kubwera mu Febuluwale. Imathandiza, koma ndi pangano lomanga: akakutengani muyenera kuchotsa fomu yanu ku sukulu yoyamba ija. Ngati ndalama yofunsira malo ikuvuta, Common App ili ndi njira yopempha kuti musalipire, ndipo alangizi a EducationUSA, nthambi ya boma la America yolangiza ofuna kukaphunzira kumeneko, ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare amathandiza kwaulere.

Musatsekenso makomo ena. M'chaka cha 2025 boma la America linakhwimitsa malamulo a viza kwa nzika za mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, choncho kutengedwa ndi sukulu ndi chinthu china, kuloledwa kulowa m'dzikomo ndi chinanso. Funsani ku ofesi ya kazembe mmene zinthu zilili panthawi imene mukufunsira. Dzazani fomu ya NCHE ya mayunivesite a boma ikatuluka, ndipo onaninso masukulu amene ali mu Mastercard Foundation Scholars Program, ndondomeko yolipirira ophunzira, monga University of Cape Town, University of Pretoria ndi Ashesi ku Ghana.

Mukatumiza zotsatira ndi kalata ija, lekezani pomwepo. Lembaninso pokhapokha ngati pachitika chinthu chachikulu, monga kupambana mpikisano wa dziko lonse. Tsegulani tsamba lanu kamodzi pa sabata kuona ngati sakupempha pepala lina, ndipo muziyang'ananso m'bokosi la imelo zotayidwa, chifukwa uthenga wopempha kucheza nanu pa Zoom nthawi zina umathera m'menemo.