Chimbale si msonkhano wa chipani

Sabata yathayi kunabweranso anyamata atatu a ku Chikanda ku situdiyo kwanga, magitala kumsana, ndipo mawu awo oyamba anali omwe aja ndawamva mpaka makutu kuwawa: "Akulu, tikufuna chimbale cha uthenga, osati za chikondi." Nditafunsa kuti uthenga wake ndi wotani, anatchula ziphuphu, ulova ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Ndinafunsanso kuti mwa atatunu ndani amene zimenezi zinamugonekapo ndi njala, linali tsiku liti, ankakhala nyumba iti. Anangoyang'anana n'kuseka ngati ndawafunsa za kuchipinda.

Kugawa nyimbo pawiri kumeneku ndatopa nako. Achinyamata oyimba rock amaganiza kuti pali mtanga wa nyimbo zodzudzula dziko ndi mtanga wina wa nyimbo za mumtima, ndipo kuti munthu wozindikira amatenga woyambawo. Zotsatira zake ndi nyimbo khumi zokuwa "atsogoleri, atsogoleri" zomwe ngakhale mtsogoleriyo atha kuvina, poti palibe pamene zamukhudza. Za amene akunenabe kuti gitala yolira mokalipa ndi ya satana, amenewo tidzakambirana tsiku lina.

Nyimbo imene anyamatawa amaikonda poyeserera ndi Zombie ya The Cranberries, bandi ya ku Limerick m'dziko la Ireland. Amaidziwa kolasi yake basi. Ndikawafunsa kuti ili m'chimbale chanji, zii. Ili mu No Need to Argue, cha 1994, ndipo Dolores O'Riordan, woyimba wa bandiyi, anailemba mabomba a IRA, gulu la zida lofuna kuti Northern Ireland ichoke m'manja mwa Britain, ataphulika m'tauni ya Warrington ku England pa 20 Malichi 1993 n'kupha ana awiri, wina wa zaka 3, wina wa zaka 12. Mkangano wa ku Northern Ireland unali utatha zaka zoposa 20, unali ndi zipani, asilikali ndi mbiri yaitali. Iye analowera pa mwana wakufa ndi mayi wosweka mtima. Ndipo tamverani chimbalecho kuyambira poyamba. Chimatsegula ndi Ode to My Family, nyimbo yofatsa yolakalaka ubwana ndi makolo. Zombie imabwera yachinayi. Pamene gitala ikuyamba kubangula, womvera amakhala atalowa kale m'nyumba mwa woyimbayo, wawaona mayi ake ndi bambo ake. N'chifukwa chake mkwiyowo umamveka wa munthu. Mukachotsa nyimbo zofatsazo n'kusiya zokalipa zokhazokha, khutu limazolowera phokoso pofika nyimbo yachitatu, monga momwe anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi samamvanso madzi.

Sitikufunikanso kupita kutali. Mu 2013 akaidi a kundende ya Zomba anajambulidwa akuyimba m'ndende momwemo, ndipo chimbale chawo chinasankhidwa kukapikisana nawo pa mphotho za Grammy mu 2016. Sichinali rock, koma phunziro ndi lomwelo. Anthu aja sankayankhula za ndondomeko ya ndende. Aliyense ankayimba chimene chikumudya, ndipo dziko lonse linamva mmene moyo wa m'kati muja ulili.

Pali mnyamata mmodzi amene mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Anali wa ku Matawale, woyimba gitala ya kumanzere, ndipo masana ankapalasa kabaza. Mayi ake anamwalira pachipatala china atadikira mankhwala amene anauzidwa kuti akagule okha. Iye analemba nyimbo yosatchula boma, dokotala kapena nduna. Inkangonena za ulendo wobwerera kunyumba ndi chitenje cha mayi ake atachipinda pakaliyala ya njinga, pamalo pomwe mayiwo anakhala popita, ndi mmene njingayo inapepukira. Anandiyimbira atakhala pabenchi panja, chingwe chimodzi cha gitala chitaduka, ndipo pa mawu akuti "yapepuka" mawu ake ankathyoka. Ndinamuuza kuti asakhudze kanthu, kuthyokako ndiye nyimbo. Tinagwirizana kuti abwere ndi anzake a ng'oma ndi besi mwezi ukatha. Apa ndinalakwa ine. Ndikanayatsa maikolofoni tsiku lomwelo.

Mwezi usanathe anakumana ndi mkulu wina wodzitcha pulodyusa, wa laputopu ndi sipika imodzi m'chipinda cha lendi, amene anamulonjeza kuti nyimboyo imveka pa wailesi zonse. Anamuuza kuti za chitenje n'zachimidzi, aikemo mawu akuti ziphuphu ndi chilungamo, kolasi ikhale ya Chingerezi kuti "ipite kunja". Ng'oma za mnzake anazichotsa n'kuikamo za pakompyuta. Mawu othyoka aja anawawongola ndi makina mpaka anamveka ngati chidole. Mnyamatayo anagulitsa njinga kuti alipire. Atandibweretsera pafulashi ndinamvera kamodzi, sindinapeze mayi ake m'menemo. Titafuna mawu oyambirira kuti tikonze, mkulu uja anati kompyuta inafa, kenaka foni yake inasiya kupezeka. Bandi inabalalika, wang'oma anapita ku Joni. Mnyamatayo ndinakumana naye kumsika wa Mpondabwino akusenza matumba. Anati vesi yachiwiri anaiiwala.

Ndiye mverani, makamaka inu makolo ndi azibale amene mumasonkha ndalama za ana oterewa. Munthu amene akusintha mawu a nyimbo asanafunse kuti inachokera pati, m'thaweni. Wolonjeza wailesi ndi kunja asanamve bandi ikuyimba pamodzi m'chipinda, m'thaweni. Rock imajambulidwa ndi anthu akupuma limodzi, wang'oma akuyang'ana wabesi; wojambula amene alibe malo oika ng'oma zenizeni anene poyera, osati kunamizira kuti masiku ano sizifunika. Musalipire ndalama zonse poyamba. Mulembe pepala, ngakhale la m'kope, lonena kuti nyimbo ndi ya yani, nonse musainepo. Tsiku lililonse mukamaliza kujambula, tengani mafayilo anu onse pafulashi yanu, gitala payokha, mawu paokha, ng'oma pazokha, osati nyimbo yosakanizidwa kale. Wokana kukupatsani ali ndi chifukwa chake, ndipo si chabwino. Nyimbo ikatha kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, musanaimwaze pa WhatsApp.

Ndipo musadikire zida zabwino. Nyimbo yochokera pa bala imasintha bala likayamba kupola. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi woyimba amayamba kuchita manyazi ndi mawu ake, amachotsa dzina la mudzi, amachotsa chitenje, amaikamo mawu akuluakulu amene sangamuchititse manyazi pamaso pa anzake. Jambulani pafoni usiku womwewo, ngakhale agalu akuuwa kuseri, n'kutumiza kwa anthu awiri odalirika.

Anyamata a ku Chikanda aja sindinawajambule. Ndinawabweza kuti aliyense akalembe za tsiku limodzi lokha. Dzulo wabesi, yemwe sanayankhule kanthu ulendo woyamba, wanditumizira mizere inayi ya bambo ake akusita malaya m'mawa uliwonse kwa chaka chathunthu kuti anansi asadziwe kuti ntchito inatha. Ndamuuza abwere Loweruka, ndipo maikolofoni ndayatsa kale.