Chikwama chothawira ngozi sichifunika kulemera

Ambiri amaganiza kuti chikwama chothawira madzi osefukira kapena chivomezi chiyenera kudzaza zovala ndi chakudya cha mlungu wonse. Ayi ndithu. Chikalemera mudzachitaya panjira, makamaka mutabereka mwana.

Longedzani za masiku 3 okha. Madzi ndiwo amalemetsa: lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho tengani malita 2 ndi mapiritsi oyeretsera madzi. Koma mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, amenewo tengani a masiku 7, muwaike pamwamba. Ziphaso ndi makalata akuchipatala muzikulunge m'majumbo awiri, chifukwa inki ikanyowa imafufutika. Mabatire musawasiye mu tochi. Akakhalitsamo amatayikira n'kuidya mkati.

Mukalongedza, chiberekeni muyende nacho mphindi 20. Chikakupwetekani mapewa, chotsanimo zovala zina.