Chipale chofewa sichoyera mmene timaganizira

Ambiri timati chipale chofewa chimene chimagwa m'nyengo yozizira n'choyera mbee basi. Mwina n'chifukwa cha Yesaya 1:18, pamene munthu wokhululukidwa machimo amamuyerekezera ndi kuyera kwake. Fanizolo n'logwira mtima, koma kachidutswa kamodzi kakagwera pamalaya akuda, ukayang'anitsitsa kalibe mtundu. Ndi madzi oundana, oonekera mkati, a nsonga 6. Kuyerako kumabwera poti tizidutswa tambirimbiri timamwaza kuwala mbali zonse.

Pamthunzi ndiye chimatengera mtundu wa thambo. Claude Monet, katswiri wojambula zithunzi wa ku France, anaziona zimenezi: pachithunzi chake cha La Pie, chimene anajambula pakati pa 1868 ndi 1869, mithunzi ya mpanda pachipale chofewa anaipaka yabuluu, osati yakuda. Oweruza a chionetsero cha Salon ku Paris anachikana mu 1869. Pano chili ku Musée d'Orsay, nyumba yosungiramo zithunzi ndi zaluso ku Paris komweko.