Mafunso ndi mayankho pa maphunziro a ana olemba mapulogalamu a kompyuta

Chitsegulireni kalembera, makolo akhala akudzaza khonde la ofesi yathu pa boma la Kasungu, ena ochokera ku Santhe ndi ku Chamama, ndipo mafunso awo ndi amodzimodzi.

Kodi ana akuphunzira chiyani?

Onse akuyamba ndi Scratch, ndipo amene akhwima adzapita ku Python; zonse ziwirizi ndi zilankhulo zolembera mapulogalamu a kompyuta.

Nanga bwanji mwana wa Fomu 2 mwamuika limodzi ndi a Sitandade 5?

Dandaulo ili talimva ndipo sitikulipeputsa. Scratch idatulutsidwa ndi yunivesite ya MIT ya ku America m'chaka cha 2007 poganizira ana a zaka 8 mpaka 16, ndipo mwana amalumikiza timabokosi ta malamulo m'malo mowalemba. Tidayesapo kuyambitsa ena ndi Python, koma tidaona mwana akusakasaka chilembo ndi chala chimodzi pa kiyibodi, kenako pulogalamu n'kukana kuyenda chifukwa cha mpata umodzi wolakwika kumayambiriro kwa mzere, mpaka mwanayo kugwa ulesi. Amene waonetsa kuti wamvetsa atha kusamutsidwa, koma oweruza ndi aphunzitsi, osati kalasi imene ali kusukulu.

Ngati Scratch ndi yaulere, ndalama mukutilipiritsayi ndi yachiyani?

N'zoona kuti Scratch ndi Python sizigulidwa, ndipo sitidanenepo kuti tikugulitsa. Ndalamayi imapita ku magetsi, ku mabatire a sola amene amatithandiza magetsi akazima, ndi kokonzetsa makompyuta, omwe ambiri ndi akale ndipo savutira kufa nyengo ya fumbi. Tikuvomereza kuti malisiti ena adachedwa kutuluka, zomwe zidabweretsa chikayiko, ndipo aliyense amene sadalandire abwere ndi umboni wa malipiro. Za mabanja amene ndalama imawapezeka akagulitsa fodya, komiti ikhoza kumva pempho lolipira mochedwa, koma iziona banja lililonse palokha, ndipo sitingalonjeze kuti aliyense wopempha avomerezedwa.

Kodi pamafunika intaneti?

Ayi, Scratch tidaiika m'makompyuta ndipo imagwira ntchito popanda bandulo.

Mwana wanga ali ndi zaka 6, mungamulandire?

Pakadali pano ayi. Ana a zaka 5 mpaka 7 ali ndi yawo yotchedwa ScratchJr, koma idapangidwira matabuleti, ndipo ife matabuleti tilibe.