Printa ikakana kusindikiza, musathamangire kuzimitsa firewall

Ndikaitanidwa ku ofesi kuti printa yavuta, nthawi zambiri ndimapeza wina atazimitsa kale firewall yonse. Mapepala ayambadi kutuluka, koma kompyuta yatsala pambalambanda. Kumeneko n'kugwetsa mpanda wonse chifukwa mlendo mmodzi wasowa chipata.

Firewall ndi mlonda wa makomo a kompyuta. Makomowo amatchedwa ma port, ndipo lililonse lili ndi nambala yake. Printa zambiri zimalandira zoti zisindikize pa 9100, khomo lomwe linatchuka ndi makina a HP JetDirect. Zamakono zimakonda 631, la IPP (njira yotumizira zosindikiza pa netiweki), pomwe zakale zina zidakali pa 515.

Komatu vuto silikhala pamenepo kawirikawiri. Windows siletsa zotuluka m'kompyuta, imaletsa zolowa zimene sinaziitane. Ndiye chomwe mlondayu amabweza ndi mawu a printa pamene ikulengeza kuti "ndili pano". Imalengeza kudzera pa khomo la UDP 5353 (UDP ndi mtundu wa katumizidwe ka mauthenga pa netiweki), njira imene Apple imaitcha Bonjour, kapena pa 3702. Ngati netiweki ya mu ofesi munaiika pa Public tsiku lomwe munalumikiza Wi-Fi, Windows imaitenga ngati ya pa hotela kapena pa bwalo la ndege, ndipo imatseka makutu. Lowani mu Settings, kenako Network & Internet, musinthe kukhala Private. Ntchito yambiri imene anthu amandilipira imathera pomwepa, ngakhale sindikonda kuulula.

Pali lina lopweteka mutu: printa yayaka bwinobwino koma kompyuta ikuti Offline. Apa Windows ikufunsa za moyo wa printa pa UDP 161, njira ya SNMP, koma sikuyankhidwa. Tsegulani khomolo, kapena pitani pa Configure Port ya printayo mu Windows muchotse chizindikiro pa SNMP Status Enabled.

Nthawi zina firewall imangonamiziridwa. Magetsi akazima n'kuyakanso, router, kabokosi kogawa netiweki, imatha kupatsa printa adiresi ya IP ina, kompyuta n'kumagogodabe pa nyumba yakale. Ipatseni printa adiresi yokhazikika, monga 192.168.1.50.

Pamene mukuyeneradi kutsegula khomo lolowera ndi pa sikana, chifukwa apa printa ndiyo ikutumiza zinthu kwa inu. Ikamaika zikalata mu foda ya pa kompyuta imadzera pa 445. Polemba lamulo mu Windows Defender Firewall, pa Scope lembani adiresi ya printa yokhayo, musasiye kuti aliyense alowe.

Ndipo pa router musatsegule 9100 kuti ionekere pa intaneti, ngakhale abwana atafuna kusindikiza ali kunyumba. Khomoli silifunsa password. Mu November 2018 munthu wina anapeza printa zosiyidwa chonchi, ndipo pafupifupi 50,000 zinangoyamba kulavula mapepala ouza eni ake kuti azitsatira PewDiePie, munthu wotchuka pa YouTube.