GET.CELL komanso chinenero chakale cha Excel chomwe chikadali m'mafayilo ena

Mukatsegula fayilo yakale ya Excel n'kupeza maselo ena akulemba #BLOCKED! kapena #NAME?, nthawi zina vuto ndi ma macro (malamulo ouza Excel zochita yokha) a Excel 4.0, olembedwa m'chinenero chotchedwa XLM. Chinenerochi chimadziwika ndi dzina la Excel 4.0 ya 1992, ndipo chaka chotsatira Excel 5.0 inabweretsa VBA, chinenero chatsopano cholembera ma macro, koma XLM sanaichotse.

Pachiyambi malamulo a XLM ankalembedwa pa tsamba lapadera, lamulo limodzi mu selo imodzi, ndipo kompyuta inkawawerenga motsika mpaka itapeza =RETURN() kapena =HALT(). Masiku ano XLM imabisala kwambiri m'maina omwe anthu amapatsa maselo kapena mafomula. Dinani Ctrl+F3 muone Name Manager. Mungapezemo dzina ngati Mtundu lokhala ndi =GET.CELL(63,A1). GET.CELL ndi lamulo la XLM lofunsa zambiri za selo, pano selo A1. Nambala 63 imapempha nambala ya mtundu wa utoto wa seloyo, 6 imabweza fomula ngati mawu, pomwe 48 imanena ngati muli fomula kapena ayi. GET.CELL simungailembe mwachindunji mu selo ya tsamba wamba, n'chifukwa chake anthu ankaidzera m'dzina.

Msampha woyamba uli pa A1 wopanda chizindikiro cha dola. Excel imakumbukira malowo potengera selo yomwe munaimapo popanga dzinalo. Ngati munaima pa B1, ndiye kuti dzinalo limatanthauza selo ya kumanzere, kulikonse mungalilembe. Wina akalikonza ataima pa D5, manambala amasokonekera popanda chenjezo lililonse.

Chinanso, kusintha utoto wa selo sikuchititsa Excel kuwerengeranso. Selo yasanduka yofiira koma nambala ikadali yakale. Ena amawonjezera +0*NOW() kumapeto kwa fomula kuti F9 izitsitsimutsa zotsatira, komabe muyenera kudinabe F9. Ndipo utoto wochokera ku Conditional Formatting (pomwe Excel imapaka yokha utoto potsatira lamulo), GET.CELL sauona n'komwe. Choncho kuphatikiza ndalama potengera utoto wa selo ndi njira yosadalirika. Ndi bwino kuwonjezera kolamu yolembamo "walipira" kapena "sanalipire" n'kugwiritsa SUMIF.

Posunga, sankhani .xlsm kapena .xls. Mukasunga ngati .xlsx, Excel imachenjeza kamodzi, ndipo mukavomera mosawerenga, zimene mainawo amachita zimatayika.

Kuyambira chakumapeto kwa 2021, Microsoft inayamba kutseka XLM mu Microsoft 365 chifukwa akuba a pa intaneti ankabisa malamulo pa masamba obisika n'kupatsa selo yoyambira dzina la Auto_Open, lomwe limachititsa malamulowo kuyamba okha fayilo ikatsegulidwa. Mukhoza kutsegulanso XLM ku File, Options, Trust Center, Trust Center Settings, Macro Settings, koma chitani zimenezi pa fayilo yomwe mukudziwa komwe yachokera. Pa nambala 6 ndi 48 palibenso chifukwa chovutikira: FORMULATEXT ndi ISFORMULA zilipo kuyambira Excel 2013 ndipo zimagwira ntchito mu .xlsx.